Kadengu ka Pakhomo ku Bali

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzalowa nayo m'manda. Koma amayi a kutchalitchi kwathu akuifalitsa kale Perth yonse, aliyense akuthirako kamchere kake, moti sabata yatha ndinamva kuti ankandithamangitsa ndi zikwanje. Ndiye bola muimve kwa ine mwini wake, chitsiru chenichenicho. Mukafuna kuseka sekani, manyazi anandithera kalekale.

Ine ndine nesi. Ndagwira ntchito zaka zambiri pachipatala china ku Joondalup, kuno ku Perth, ndipo ku wodi kwathu amandidziwa kuti sinditekeseka. Wodwala akakomoka ena amathamanga uku ndi uku, ine ndimangovala magolovesi n'kunena kuti, "Tiyeni tione BP." Kunyumba nakonso ndimadzitenga kuti ndine wodziwa zinthu. Mukati ndimadzimva, sindikana.

Tili ndi mwana mmodzi wamkazi, Tiyamike, anzake amangoti Tiya. Ali ndi zaka 19, amaphunzira ku yunivesite ku Bentley. Anabwera kuno ali wamng'ono, ndiye Chichewa amamva chonse, ngakhale cha manong'onong'o, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno chija cha kunochi.

Tsiku lina tikudya chakudya chamadzulo kwathu ku Ellenbrook, mwanayu anangoiponya nkhani patebulo.

"Mum, Dad, me and the girls want to go to Bali after exams."

Ndinaika foloko pansi. "Ma girls ake ati? Akupita nanu ndi mayi a ndani?"

"No mums. That's the point."

Kwa anthu a ku Perth, chilumba cha Bali ndi kuseri kwa nyumba. Pandege ndi maola atatu ndi kanthu, ngakhale wotchi susintha. Ana a anzathu a kuntchito amapitako chaka ndi chaka, makolo awo osataya ndi tulo tomwe. Koma ine mwana wanga sindinamutole pamsewu. Ndinamuwerengera zonse zimene ndinaziona pa gulupu ya amayi ya pafoni: atsikana othiridwa mankhwala m'zakumwa, zikwama zotsompholedwa ndi anthu a pa njinga zamoto, mataxi osochera dala. Ndinathirako ndi zina zimene ndinapeka pomwepo.

Tiya misozi inalengeza. Bambo ake, munthu wosakonda phokoso, anatafuna pang'onopang'ono mpaka kumeza, kenako anaweruza mlandu.

"Amake Tiya, inu muli ndi holide mu September. Pitani naye masiku asanu, mukadzionere nokha. Mukabwera mudzatiuze. Mukadzati mzimayi angayende bwino kumeneko, mwanayu apita ndi anzake mu December. Mukadzati ayi, nkhani yathera pomwepo."

Ndinavomera msangamsanga, mpaka onse awiri anayang'anana. Sankadziwa kuti yankho ndinali nalo kale m'thumba, ndipo linali ayi. Ku Bali ndinkangopita kukatola umboni.

Ndinakonzekera ndithu. Ndinasoka kathumba ka mapasipoti mkati mwa siketi. Ndinagula wezulo wokoleka m'khosi. Mundege monse ndinkamuphunzitsa mwanayo: chikwama kutsogolo, chakumwa osachisiya chokha, munthu akamamwetulira kwambiri uzimukayikira. Iye ankangoti, "Yes, Mum," maso ali panja.

Malo ogona anapeza ndi Tiya, pakhomo pa banja lina kunja kwa tauni ya Ubud. Anatipatsa kanyumba kathukathu kumapeto kwa mpanda, chitseko kutsogolo, windo kumbuyo loyang'ana minda ya mpunga. Mwini wake anali Ibu Ketut. Ibu ndiye kuti mayi m'chiyankhulo chawo. Anali mayi wamfupi, wa zaka ngati zanga, Chingerezi chake choduladula, ndipo kumwetulira kwake kunalibe holide. Ndinayamba kumukayikira tsiku lomwelo.

M'mawa woyamba ndinadzuka molawirira, thupi linazolowera mashifiti. Tiya anali akadali m'tulo. Ndinatsegula chitseko kuti ndipitidweko kamphepo, mwendo uli m'mwamba kuti ndiponde panja, ndipo ndinauma pomwepo.

Pakhomo penipeni, pamene phazi la munthu limatera, panali kadengu. Kakang'ono, kokwana pachikhatho, kolukidwa bwino ndi masamba a kokonati. M'katimo munali maluwa ofiira, oyera ndi achikasu, timpunga pang'ono, kabisiketi kamodzi, ndipo pamwamba pake kamtengo ka lubani kakufuka utsi.

Sindikudziwa kuti inu munakulira kuti. Ine ndinakulira ku Ntchisi, ndipo kwathu kanthu kokonzedwa mwaluso chonchi sikabwera kokha pakhomo pa munthu. Pamakhala wina amene wakatuma. Malume anga analumpha kanthu kocheperapo pamenepa pa njira ya kudimba, mwendo unatupa ngati mtondo, chaka chonse osavala nsapato. Inde, kusukulu ya unesi ndinadzaphunzira matenda onse otupitsa miyendo, mayina ake ndingakutchulireni. Koma sukuluyo inaphunzitsa mutu wokha. Miyendo yanga inatsala ya ku Ntchisi.

Ndinabweza mwendo pang'onopang'ono. Ndinatenga ambulera n'kukankha kadenguko ndi nsonga yake mpaka kanakagwera m'maluwa, uku ndikunena pemphero la Ambuye mothamanga. Tiya sindinamuuze. Ndikanayambira pati? Ine amene ndinabwera kudzamuphunzitsa za dziko, ndimuuze kuti ndikuopa kabisiketi?

Titadya kadzutsa kunabwera galimoto yoti itiyendetse. Tiya anayamba wayang'ana nambala yake, kuifananiza ndi ya pafoni, n'kuwatumizira bambo ake chithunzi. Zinandinyansa pang'ono, chifukwa ndinkafuna ndimukumbutse ndine. Ndinalowa, ndinakhala, ndinakweza maso. Kutsogolo kwa dalaivala, pafupi ndi chiwongolero, kanali phee! Kadengu komwe kaja, maluwa omwe aja, mpunga womwe uja.

Ndinangoti mumtima, ehe, ndi amodzi.

Tinafika pamalo odyera, pakhomo kalipo. Tinalowa mumsika, pa shopu imene Tiya anandikokera kukaona nsalu, kalipo. Kukachisi kumene tinakaonako ndiye osanena, tidengu tinali mbwee. Munthu wanzeru akanaona kuti tinthuti tili paliponse ndipo palibe akudabwa nato. Ine ndinaona zina. Ndinaona kuti anthuwa akuimbirana mafoni: mayi wonenepa wa wezulo uja akulowera kumeneko, tcherani msanga!

Tsiku lonse ndinayenda mokhotakhota, maso pansi, ngati ndataya ndolo.

"Mum, why are you walking like that?"

"Nsapato zikundithina."

Choipa china, mwanayu sankalakwitsa kanthu. Chikwama ankachikoleka mbali yosayang'ana kumsewu. Madzi ankagula a m'botolo, n'kuyamba waona ngati chitsekerero chake sichinatsegulidwepo. Pakachisi anamanga nsalu m'chiuno osauzidwa, n'kundimanganso ine. Bambo wina wa njinga yamoto atatiumirira kuti atinyamule, anamukana mwaulemu koma mouma, mpaka ine amene ndinaongoka. Umboni wanga sunkapezeka.

Kenako, potuluka mu shopu ina, ndinaona ndi maso angawa Tiya akulumpha kadengu, uku akuseka ndi foni. Mtima unangoti phaa! Titabwerera kunyumba ndinamukhazika pabedi n'kuyamba kumudina akakolo ndi chala.

"What are you doing?"

"Ndege imatupitsa miyendo. Khala phee."

M'mawa wachiwiri ndinatsegula chitseko pang'ono n'kusuzumira. Tiwiri! Dzulo kamodzi, lero tiwiri. Ambulera inagwiranso ntchito yake.

Pobwera kukadzutsa ndinacheuka, ndipo ndinaona Ibu Ketut akusesa kanjira kathu, pomwe ndinangodutsa kumene, n'kuwolera dothilo m'kachidebe. Kwathu munthu akakutapa phazi, nkhani yake mumaidziwa. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyenda ndikufufuta mapazi anga, kuponda ndi ili, kukwekweza ndi ilo. Tiya anandifunsa ngati tikagule nsapato zina.

"Tiya, bwanji tisamukire ku hotela yeniyeni, ya alonda pageti?"

"Why? Ibu is so nice!"

"Ndi zimenezo ndikunenazo."

Bambo ake a Tiya anaimba masana kufunsa mmene tikuyendera. Ndinawauza kuti adikire, lipoti likubwera ndipo ndi lalikulu. Tsiku limenelo zakudya ndinkangozitola pamwamba, kupatula zitumbuwa za nthochi zimene mayiyo ankakazinga. Zimenezo ndinalephera kuzikana, ndinadya zitatu nditazipempherera kawiri.

M'mawa wachitatu ndinati lero ndimugwira wotcherayo. Tiya anadzuka msanga ndi njala, n'kupita kukhonde la eni nyumba kukadya. Pakhomo panali pasanaikidwe kanthu. Ine ndinanamizira mutu, ndinakankha chitseko n'kusiya kampata, diso limodzi panja.

Sipanapite nthawi. Ndinaona munthu akubwera atavala bulauzi yoyera ya lesi, nsalu yokongola, lamba wachikasu m'chiuno, thireyi m'manja. Ibu Ketut! Anagwada pakhomo pangapo mosathamanga, munthu wozolowera ntchito yake. Anaika kamodzi. Anaika kachiwiri. Kachitatu. Kachinayi! Anandandalika tidenguto khomo lonse, osasiya poponda. Anayatsa lubani, anaviika duwa m'madzi n'kuwaza, kenako anayamba kukupizira utsi ku chitseko changa, milomo ikugwedera mosatulutsa mawu.

Mayi yemwe uja wa zitumbuwa!

Atangochoka ndinaimbira Mayi Chirwa. Amenewa ndi amene amatsogolera mapemphero a amayi kutchalitchi kwathu ku Perth, munthu wamkulu, woti akapempherera tiyi mumamwa atazizira. Anayankha foni itangolira kamodzi.

"Amake Tiya! Kuli bwanji ku holide?"

"Amayi, zinthu sizili bwino kuno," ndinanong'ona.

"Akuberani?"

"Bola akanandibera. Anditchera pakhomo."

Ndinajambula chithunzi pa kampata kaja n'kuwatumizira. Kenako ndinamva mpando ukugwa.

"Mayo ine! Zinayi? Ndipo zikufuka utsi! Mwazikhudza?"

"Ndi ambulera yokha."

"Ambulera imeneyo isabwere ku Perth. Tamverani, musalumphe. Mwamva? Mukangolumpha, mwendo umenewo tidzachita kuunyamula pa wilibala. Mwana ali kuti?"

"Akudya kadzutsa."

"Wophika ndani?"

"Mayi yemweyo."

"Inu! Mwana akudya za mfiti inu muli pafoni? Tulukani mukamulande! Khomo lina lilipo?"

"Pali windo lokha."

"Windo nalonso ndi khomo! Musadule foni, ine ndayamba kupemphera."

Ndinalowetsa foni m'bulauzi, ndinapapasa kathumba ka mapasipoti, n'kutsegula windo. Ukaliona uli mkati, windo limenelo ndi lalifupi, lofika m'chiuno. Chimene sindinachiganizire n'chakuti kanyumbako anakamanga m'mphepete mwa chitunda, ndipo munda wa mpunga uli pansi ndithu, kutalika kwa munthu wamkulu.

Ndinagona chamimba pawindopo. Ndinatulutsa mwendo woyamba. Ndinatulutsa wachiwiri. Pakatipa panakana. Mawindo a ku Bali anawapimira anthu a ku Bali, osati mayi wa ku Ntchisi wodya bwino. Ndinatsakamira pamenepo, miyendo ikupalasa mphepo panja, mutu uli m'nyumba, uku mawu a Mayi Chirwa akutuluka pachifuwa panga.

"Mutulutseni mwana wanu, Atate! Mutulutseni ndi dzanja lamphamvu!"

Pa mapemphero onse a moyo wanga, limenelo ndi limene linayankhidwa msanga. Siketi inati kwee! Ine ndinati mayooo! Munda unati khuvu!

Abakha anabalalika akukuwa. Matope anandilandira mpaka m'makutu. Phazi lamanzere linatera chopindika, ululu unakwera mpaka m'mano. Foni inafera pomwepo, Mayi Chirwa asanafike pa ameni. Ndinagwira wezulo kuti ndiitane anthu, nditauzira munangotuluka matope.

Woyamba kufika anali ndani? Ibu Ketut. Anatsetsereka chitundacho ndi zovala zake zokongola zija, n'kulowa m'matope mpaka m'mawondo, manja atatambasula.

"Mama! Mama, are you okay?"

"Don't touch me!" ndinakuwa, ndikukhwekhwereza matako chobwerera m'mbuyo.

Pamwamba pa chitunda panatulukira Tiya, chitumbuwa cholumidwa chili m'manja.

"Mum?!"

"Lavula! Lavula chimenecho!"

"What? Why are you in the rice?"

"Akutitchera mayiyu! Masiku atatu! Pakhomo, m'galimoto, kumsika, kulikonse tidengu! Lero waika tinayi, ndamuona ndekha!"

Ndinaona nkhope ya mwana wanga ikusintha pang'onopang'ono. Poyamba mantha, kenako kudabwa, kenako analuma mlomo mwamphamvu, mapewa akunjenjemera. Anatsika, anagwada pambali panga m'matopemo, n'kundifotokozera motsitsa mawu, akusakaniza Chingerezi ndi Chichewa chake chothyokathyoka. Anati tidenguto ndi zopereka za chipembedzo chawo. Amayi a kumeneko amaluka tsiku ndi tsiku n'kuika pakhomo, pashopu, m'galimoto, pothokoza ndi kupempha mtendere. Iye anaziwerenga tisananyamuke n'komwe, ndipo ankayesa kuti ine wodziwa zinthu ndikudziwa.

"They're everywhere, Mum."

"Ndiye ndikunena chiyani ine!"

"Not for you! For everybody!"

Ibu Ketut anali chiimire m'matope, akuyang'ana uyu, akuyang'ana uyu. Tiya anawafunsa mwaulemu chifukwa chimene lero aikira tinayi. Mayiwo anamwetulira mwamanyazi. Anati tsiku loyamba anapeza kadengu katagwera m'maluwa, anaganiza kuti ndi galu. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Komanso anaona kuti mlendo wawo sakudya bwino, akuyenda motsimphina maso ali pansi, nkhope ili ndi nkhawa.

"Mama not happy," anatero akundisisita phewa. "So I pray more for Mama."

Abale anga, manyazi ndinawaonapo pamoyo, koma a tsiku limenelo anali ndi mano. Mayi wa eni ake ankadzuka m'mawa kundipemphera mtendere m'njira imene amaidziwa, ine n'kumakankha pemphero lawo ndi ambulera. Ndinalakalaka matopewo angondimaliza. Ndinalira, ndipo mayiwo ankayesa ndi mwendo.

Anandinyamula awiriwo, wina uku wina uku. A Ibu Ketut ananditsuka ndi paipi yothirira maluwa, n'kundibwereka nsalu yawo chifukwa siketi inali itatsanzika. Zotsalazo anayendetsa ndi Tiya. Anaimbira a inshuwalansi, anaitana galimoto, anandiperekeza ku kachipatala, anafotokozera dokotala zonse, ine nesi wamkulu ndili duu pa wilitcheya. Fupa silinathyoke, koma phazi linatupa, kutupa kwenikweni, mpaka kufika pa msongolo.

Masiku awiri otsalawo ndinakhala pakhonde mwendo uli m'mwamba. M'mawa uliwonse kadengu kankabwera, ine n'kumathokoza ndi manja awiri. Tsiku lonyamuka mayiwo anatimangira zitumbuwa za panjira, n'kundiuza kuti ulendo wina ndikadzafuna kuona mpunga ndidzadzere kugeti. Sindikudziwa mpaka lero ngati ankadziwa zimene ndinkawaganizira kapena ayi.

Mundege pobwerera ndinamukodola mwanayo.

"Tiya, za windo zija…"

"I won't tell, Mum. It's your story."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ku Perth nkhani inali itapsa kale. Mayi Chirwa anamva kukuwa kwanga, foni n'kuduka. Anaimbira bambo ake a Tiya ali kuntchito. Bambo ake anafunsa mwana, mwana anangoyankha mwachidule kuti amayi avulala phazi, latupa, koma ali bwino. Mawu akuti latupa atafika pa gulupu ya amayi, anthu anasala kudya masiku awiri.

Tinafika Loweruka. Lamlungu masana pabalaza pathu panadzaza, magalimoto mpaka pa kapinga wa aneba. Ine ndili pa sofa, mwendo pa kampando. Mayi Chirwa anavundukula mosamala chitenje chimene ndinafunditsa mwendowo, ndipo amayi onse anati, "Hiii!"

"Mwaona? Ndinanena ine!" anatero Mayi Chirwa. "Amake Tiyawa pakhomo sanalumphe, ndinawaletsa ndine. Ndiye kuti anatchera ndi kuwindo komwe. Akatswiri anthu amenewa!"

"Ndipo akuti imachita kumwetulira mfitiyo!" anatero wina.

"Ine ulendo wanga wa Khirisimasi ndafafaniza kale," anatero winanso.

Bambo ake a Tiya anali atakhala pakona, akuyang'ana mwendowo mwachisoni. Anapukusa mutu.

"Ngati zinthu zake ndi zimenezi, za December tiiwale. Tiya, wamva eti?"

Tiya anali akulowa ndi thireyi ya tiyi. Anaima pang'ono. Anandiyang'ana kamodzi kokha, osakwiya, osapempha, kenako anagwada n'kuyamba kuthirira alendo tiyi.

Ndisaname, mtima wina unakondwa. Zonse zimene ndinapitira ku Bali zinali zitabwera zokha. Umboni unali pa kampando, wotupa bwinobwino. Ndikanangokhala chete mwana akanakhala pakhomo, ine n'kusanduka ngwazi yopulumuka m'manja mwa afiti, mwinanso kupatsidwa maikolofoni kutchalitchi sabata yamawa. Chofunika chinali kutseka pakamwa basi, ntchito imene sindinaiyesepo koma ndikanaitha.

Koma ndinaona mwanayo ali chigwadire, tipoti m'manja. Mwana amene ananditola m'matope n'kundisungira chinsinsi ndiye amene ankati alangidwe chifukwa cha uchitsiru wanga. Ndipo mayi amene anaononga zovala zawo zopempherera chifukwa cha ine ankatchedwa mfiti m'nyumba mwanga, anthu akumwa tiyi wanga. Zinandiwawa kuposa phazi.

"Amayi," ndinatero. "Kuwindo kunalibe mankhwala. Kunali matope ndi abakha."

Ndinaulula zonse. Ambulera, kadengu ka m'galimoto, kufufuta mapazi, kutsakamira, siketi, mpaka mawu a Ibu Ketut m'matope muja.

Mayi Chirwa anaika kapu yawo pansi.

"Tsono mukuti mayiyo ankakupemphererani?"

"Eya, amayi."

"M'mawa uliwonse?"

"Ataona kuti ndilibe mtendere anachita kuwonjezera."

"Ndiye ife tamanga m'mimba masiku awiri, ena ali pa shifiti, chifukwa cha munthu wovulala pothawa pemphero?"

"Koma amayi, za windo munanena ndinu."

"Ine ndinati tulukani, sindinati ulukani!"

Nyumba inaphulika. Wina anatsamwa ndi tiyi, wina anatsetsereka pa sofa n'kumamenya kapeti ndi chikhatho. Bambo ake a Tiya anavula magalasi akupukuta misozi, ndipo atapezako mpweya anakweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Amake Tiya, tinakutumani kuti mukationere. Yankhani pamaso pa anthuwa. Mzimayi angayende bwino ku Bali?"

"Angayende," ndinatero, maso ali pansi. "Mwanayu apite. Kuyenda amakudziwa."

Tiya anaika tipoti pansi n'kudzandikumbatira, mpaka kundigunda phazi lomwelo, koma sindinadandaule.

"Mzimayi aliyense?" anafunsanso bambo ake, chifukwa ndi munthu wokonda kumaliza nkhani.

Ndinayang'ana amayi onsewo, ndinayang'ana mwendo wanga.

"Aliyense, bola asakhale ine."

Amayi anzanga apaulendo, samalani chikwama, samalani chakumwa, koma musanatulukire pa windo yambani mwafunsa eni nyumba.